KU MIGOWI PIKAPU SAIYESA NDI UTOTO

Alamu anga amagulitsa nyemba, nandolo ndi mpunga pa msika wa Limbe. Kwa zaka 7 akhala akuponya ndalama ku chipereganyu, osagula chitenje chatsopano ngakhale pa Khirisimasi, ndipo tsopano zakwana poti munthu n'kuyamba kulota masana. Maloto awo ndi pikapu. Akuti atopa ndi hayala imene imadya phindu katundu asanafike n'komwe pa benchi. Vuto ndi loti aliyense amene am'funsa akunena zakezake. Uyu akuti Toyota, uyo akuti Isuzu, mayi wa tomato woyandikana nawo akulumbirira Nissan, pomwe mwana wawo wa ku sekondale akufuna Ford ati chifukwa imaoneka bwino pa foni. Koma ndalama yake ndi imodzi yomweyo, abale inu, ndipo ikagwera m'dzenje siibwerera.

Ndiye atanena kuti akupita ku Migowi kukapikula nandolo mwezi wa Ogasiti, ndinati alamu ndikuperekezani. Ku Blantyre galimoto amakuonetsa itatsukidwa, matayala atapakidwa polishi. Ku Migowi umaiona ili pa ntchito, fumbi lili mbuu, ndipo eni ake sabisa mawu.

Tinanyamuka ku Limbe kusanache, kudzera ku Chiradzulu ndi pa Milepa. Mukangotsika zitunda za Chiradzulu dziko limayala ngati mphasa, chigwa cha Phalombe chili tantha mpaka kumene maso alekezera, kenaka phiri la Michesi limayamba kukula kutsogolo kwanu, kumbuyo kwake kuli phiri la Mulanje lenilenilo. Minda yonse inali nandolo wouma, makoko ake akuchita phokoso ndi mphepo. Amene munayenda njira imeneyi masiku a mabasi a Stagecoach ndi Shire Bus Lines mukukumbuka momwe munthu ankafikira, tsitsi ndi nsidze zili psuu ngati wachokera ku uvuni wa njerwa. Lero phula linafika, ngakhale kuti msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale andale anaudyera mavoti zisankho zingapo usanaoneke. Koma musanamizike. Phula limathera pa misewu ikuluikulu. Nandolo salimidwa pa phula, ndipo kumene iye ali ndi kumene pikapu imakaonetsa khalidwe lake.

Migowi weniweni ndi mzere wa magolosale, zigayo, malo ogona alendo ndi masikelo olendewera pa mitengo. Phalombe anakhala boma palokha mu 1998 atachoka ku Mulanje, ndipo kuyambira 2022 chipatala chachikulu cha boma, chija anachitcha dzina la John Chilembwe, chili kunoko. Chipatalacho chabweretsa anthu, malo odyera ndi makabaza osawerengeka. Nyengo ya nandolo, kulikonse mungaponye maso ndi matumba, wina akusoka, wina akukangana ndi wa sikelo kuti muviwo wabedwa. Amayi akhala ndi mabeseni a kalongonda ndi makaka, ndipo ine amene ndinakulira m'tauni ndinadya kalongonda wa mbale ziwiri alamu akundiyang'ana ndi diso loti tabwerera zimenezi kodi.

Khoti la mapikapu tinalipeza pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa chigayo china. Woweruza wake ndi bambo wina wachikulire, makaniko, ovolosi yake yosadziwikanso mtundu, amene akuti anayamba kugwira sipanala nthawi imene Peugeot 404 ndi 504 zinali mafumu a matola. Pambali pake panakhala madalaivala atatu akudikira katundu. Alamu anagwada pang'ono, napereka moni, n'kufotokoza nkhani yawo.

"Mayi, musanandifunse mtundu wa galimoto, ndiuzeni kaye matumba angati," anatero madalawo osadzutsa n'komwe mutu.

Alamu anati mwina 30, mwina 40 zikayenda bwino. Madalaivala aja anaseka onse pamodzi.

Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Mapikapu amene timawatcha a tani imodzi, kaya ndi Hilux, Isuzu KB, Hardbody kapena Ranger, anawapanga kuti azinyamula makilogalamu pafupifupi 1,000. Thumba la nandolo ndi makilogalamu 50. Werengani nokha: matumba 20, ndipo pamenepo simunachotsepo kulemera kwa inuyo, dalaivala ndi anyamata awiri okweza katundu. Tikaika 35 ndiye kuti galimoto yasenza pafupifupi kawiri mlingo wake. Madala aja akuti anthu amabwera kudzawonjezetsa masipuling'i, n'kumapita akusangalala poona kuti kumbuyo sikukukhalanso pansi. Koma sipuling'i siilimbitsa chesesi, siilimbitsa mabering'i a mawilo, siiwonjezera mphamvu ya mabuleki, ndipo tayala lili ndi mlingo wake wolembedwa pambali umene palibe amauwerenga. Munthu wa matumba 40, anatero, asavutitse pikapu, akagule Dyna kapena Canter basi.

Tsono poti alamu anaumirira kuti iwo akufuna pikapu, yoti izilowa m'tinjira ta kumudzi, mlandu unayamba.

Woyamba kuitanidwa anali Toyota Hilux, monga mwa nthawi zonse. Galimoto imeneyi inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo zambiri zimene timaziona kuno zimachokera ku fakitale ya ku Durban kapena zinabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera kunja. Mbiri yake ndi yaitali. Mu 1987 asilikali a dziko la Chad anathamangitsa akasinja a Libya m'chipululu atakwera mapikapu a Toyota, mpaka nkhondoyo anthu anaitcha dzina la galimotoyo. Mu 2003 anyamata a pulogalamu ya Top Gear ku Britain anatenga Hilux yakale ya dizilo, anaimiza m'nyanja, anaiyatsa moto, anaiika padenga la nyumba yosanja imene inkagwetsedwa ndi mabomba, koma makaniko atangoigwiragwira inalira. Madala a ku Migowi nkhani zimenezi alibe nazo ntchito. Kwa iwo ubwino wa Hilux ndi umodzi: ikafa pa Migowi Lolemba, chitsulo chake chimapezeka ku Limbe tsiku lomwelo, chatsopano kapena chochotsa ku inzake, ndipo mwana aliyense wa pa galaja anaphunzirira pa injini imeneyi. Amakonda zakale zija za 2.4, 2.8 ndi 3.0 zopanda kompyuta. Koma anachenjeza zinthu ziwiri. Injini zimenezi zimayendera lamba wa taiming'i amene amafuna kusintha pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka muli pa liwiro mwagula injini ina. Chachiwiri, sizikhululuka zikatentha. Mukayenda ledieta ikudontha, mutu wa injini umang'aluka. Kwinako ndi mtengo: Hilux yokalamba, ya mipando yong'ambika, mwini wake amaitchula mtengo ngati namwali. Mumalipira dzina. Chotonthoza n'choti tsiku lodzagulitsa inunso mudzalipiritsa dzina lomwelo.

Dalaivala mmodzi, wamfupi wa chipewa cha ulusi, sanadikire kuti madala amalize. Iye ndi wa Isuzu ndipo akuti adzafera pomwepo. Yake ndi KB 250, ndipo mfundo yake ndi mafuta. Injini ya 2.5 imeneyi imathira dizilo molunjika m'silinda, n'chifukwa chake imalira mokhokhomola ngati chigayo koma imamwa pang'ono. Isuzu ndi kampani ya malole, anatero, pikapu anangochita kuichepetsa. Zimenezi zimapangidwa ku Port Elizabeth, mzinda umene lero akuutcha Gqeberha, ndipo kuyambira 2018 dzina la KB analisiya, zatsopano ndi D-Max. Madala anavomera kuti pa katundu ndi pa mafuta Isuzu siichita manyazi pamaso pa Hilux, ndipo pogula imatsikirako mtengo. Pamene imagonja ndi pa masipeya: alipo, koma si golosale iliyonse ya zitsulo, ndiye nthawi zina galimoto imagona masiku awiri kudikira kachitsulo kochokera ku Blantyre. Kwa munthu wa nandolo masiku awiri si kanthu. Kwa munthu wa tomato kapena matemba a ku Chilwa, masiku awiri ndi maliro a mpamba.

Za Nissan anakamba mwachikondi ngati akukamba za m'bale amene anasamuka. Ka Datsun kaja, kamene kanadzakhala Nissan 1400, kanapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008, ndipo Mabunu anakapatsa dzina lotanthauza kuti kosafa. Ndi ka theka la tani, ka petulo, koti munthu n'kukakonza ndi sipanala zitatu ndi waya. Hardbody ya injini ya 2.7 madala amailemekeza chifukwa mulibe lamba wa taiming'i, muli magiya okhaokha. Koma apa ine ndiwonjezepo changa chimene pansi pa mango sichinatchulidwe. Mu 2018 bungwe la Global NCAP linawombetsa NP300 Hardbody yatsopano pa chipupa poyesa chitetezo, ndipo inapeza nyenyezi 0 pa kuteteza akuluakulu okhala kutsogolo. Kulimba kwa injini ndi kwina, kulimba kwa chipinda chimene mwakhalamo inu ndi mwana wanu ndi kwinanso. Anasiya kuipanga mu 2021.

Ford Ranger, imene mwana wa alamu amaifera, anaipatsa mphindi zochepa. Palibe anatsutsa kuti ndi yamphamvu, yokhalika bwino, ndipo pa phula imathamanga ngati galimoto ya bwana. Madala anangoti ikadwala imafuna kompyuta, ndipo kompyuta pansi pa mango palibe. Koma ananena mwachilungamo kuti matenda amenewa si a Ford yokha. Hilux ya D-4D ndi GD-6, D-Max, Navara, zonse zatsopanozi zimapopa dizilo ndi mphamvu yoopsa kudzera m'mainjekita a timabowo tosaoneka ndi maso. Tsono ife m'zaka za 2022 mpaka 2024 tinazolowera kugona pa mizere ya mafuta ndi kugula dizilo wa m'zigubu, wina wothira parafini, wina wa madzi. Injini yakale imatsokomola n'kupitirira. Yatsopano imafa mainjekita onse anayi, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zinthu zimenezi ndi woti munthu amayamba wakhala pansi asanaumve. Mahindra anaitchula pang'ono, kuti ndi yotsika mtengo ndi yosanyada, koma pogulitsa ogula amachepa.

Nanga Land Cruiser? Apa onse anangoti "aaa, imeneyo ndi ina." Ya pikapu ija, ya injini ya masilinda 6 ya malita 4.2, ndi imene mabungwe ndi zipatala amadalira kumene msewu watha. Anthu a kuno anaiona ntchito yake. Chigwa chino dothi lake lambiri ndi makande: chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa phazi, dzinja limagwira tayala ngati ulimbo. Ndipo phiri limene limakongoletsa Migowi ndi lomwelo limene linatsitsa Napolo mu Malichi 1991, miyala ndi matope zikukokolola midzi, anthu mazanamazana n'kutha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwerezanso, milatho ndi misewu ya m'boma lino n'kupita, madera ngati Nkhulambe osafikika. Nyengo zoterozo funso la mtundu wa galimoto limakhala la moyo. Koma kwa mayi wa pa msika, Land Cruiser ndi njovu yoweta: kugula kwake, matayala ake ndi kamwedwe kake ka dizilo zingadye benchi yonse ndi mwini wake yemwe.

Nkhani ya kukoka ndinaifunsa ndine, chifukwa otsatsa malonda amakonda kulemba kuti pikapu yawo imakoka makilogalamu 3,500. Ranger, D-Max ndi Hilux zikuluzikulu za masiku ano zimalembedwa choncho, n'zoona. Chimene salemba ndi zilembo zikuluzikulu n'choti mlingo umenewo ndi wa ngolo yokhala ndi mabuleki akeake. Ngolo yopanda mabuleki, ngati zimene amawotcherera anyamata athu m'mbali mwa msewu, malire ake ndi makilogalamu 750 basi, kuphatikiza kulemera kwa ngoloyo. Komanso simungadzaze pikapu mpaka pakamwa n'kukokanso mlingo wonsewo. Kukoka si vuto, anatero madala, ngakhale ng'ombe ziwiri zimakoka. Vuto ndi kuima. Tsikani nayo chitunda ngolo yodzadza ikukukankhani kumbuyo ndi pamene mudzadziwe kuti pemphero lalifupi ndi liti.

Sindinadziwe kuti phunziro limeneli tiliona ndi maso tsiku lomwelo.

Masana alamu anapangana ndi mnyamata wina wa pikapu kuti tikatenge nandolo kumidzi ya chakumpoto, njira yolowera ku nyanja ya Chilwa, kumene mtengo unali wofewerako kusiyana ndi pa masikelo a pa Migowi. Mtundu wa galimotoyo sinditchula, chifukwa mlandu sunali wake. Alamu anagula matumba 22. Pobwerera, mnyamata uja anaima pa mudzi wina n'kukwezanso matumba 12 a munthu wina, pamwamba pake mayi wa nkhuku, njinga ziwiri ndi bambo wina amene ankapita kukaona wodwala ku chipatala. Alamu anadandaula. Iye anati, "Amayi musaope, imeneyi inazolowera."

Inazoloweradi mpaka pa kamtsinje kena kouma, ka mchenga. Potsika inatsika bwino. Pokwera tsidya linalo matayala a kumbuyo anayamba kukumba, mnyamata anaponda mafuta, anapondanso, akusewera ndi kilatchi, mpaka tonse tinamva fungo lija la ngati nsapato yapsa. Kenaka injini ikulira bwinobwino koma galimoto osasuntha ngakhale phazi limodzi. Kilatchi yatha. Nthawi ili cha m'ma 4 koloko, matumba 22 a alamu ali pakati pa mtsinje, ndalama ya zaka zingapo ili m'menemo, ndipo lole imene anapangana nayo pa Migowi yopita ku Limbe inyamuka 6 koloko. Alamu sanalankhule. Anangokhala pa mchenga n'kumasula mpango kumutu.

Muyenera kudziwa chifukwa chake nkhope yawo inagwa chotero. Nandolo ndi geni ya mtima. Mu 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, litaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwawo, mtengo unagwa mpaka alimi a chigwa chino ena anangomusiya m'munda, ndipo mavenda amene anali atasunga matumba analira. Mgwirizano wa 2021 woti India azigula matani 50,000 pa chaka unabweza mtima pang'ono, komabe aliyense wa geni imeneyi amadziwa kuti thumba likagona panjira, mtengo wa mawa si wa lero.

Anatipulumutsa ndi Land Cruiser ina yakale imene inkachokera kunyanja itanyamula madengu a nsomba zouma. Dalaivala wake, bambo wa imvi, anatsika, anazungulira galimoto yathu kamodzi, n'kunena kuti sakoka kanthu mpaka titsitse katundu. Mnyamata wathu anafuna kukangana, ati nanga si yanuyi ndi yamphamvu. Bamboyo anayankha mofatsa: "Mwana wanga, yako wapsereza. Ukufuna upserezenso yanga?" Tinatsitsa matumba onse 34, ine ndemwe ndikusenza nawo, msana mpaka lero ukundikumbutsa. Mnyamata anatulutsa chingwe cha nayiloni n'kufuna kumanga ku bampala. Bambo aja anamuletsa, anagwada okha n'kukoloweka tcheni ku ngowe ya pa chesesi, anatiuza tonse tiime kutali chifukwa chingwe chikaduka chimadula miyendo. Anakhoma mahabu a mawilo a kutsogolo, analowetsa giya yaing'ono ija ya mphamvu, ndipo popanda phokoso, popanda kuthamanga, Land Cruiser inayenda ngati ng'ombe yopita kudibi, inzake ikutsatira pambuyo mpaka pamtunda.

Matumba a alamu anakwera pamwamba pa nsomba, maulendo awiri, ndipo mtengo wake sitinachite kunenerera. Lole tinaipeza italiza kale injini. Nandolo yense anafika ku Limbe akununkha matemba, moti mpaka sabata yotsatira makasitomala ankafunsa ngati alamu ayamba kugulitsa ndiwo zosakaniza kale.

Tisanakwere lole ija, alamu anathamangira kaye pansi pa mango paja. Madala anali akutsuka m'manja ndi parafini. Anawauza kuti pali Isuzu ina ku Bangwe ndi Hilux ina ku Ndirande zimene akhala akuziyang'ana, ya ku Ndirande yodulirapo koma yopakidwa utoto watsopano. Madala anafunsa kuti utotowo aupaka chifukwa chiyani. Kenaka anawerengera pa zala zimene akufuna kukaona: alowe pansi ayang'ane chesesi ngati inawotcheredwapo, aidzutse m'mawa injini ili yozizira aone utsi, atsegule ledieta injini ikulira aone ngati madzi akuchita thovu, ndipo bulubuku ifanane ndi nambala ya pa chesesi. Anawauzanso kuti pa ndalama zawozo apatule za matayala anayi, batire ndi inshuwalansi asanayambe n'komwe kunenerera, ndipo ngati zotsalazo sizikwana, adikire chipereganyu china.

Alamu anafunsa kuti nanga pa ziwirizo iwo angasankhe iti.

"Ndikaione kaye, mayi. Mundilipirire basi yopita ndi yobwerera, ndi nsima ya nyama pa Limbe."

Agwirizana Loweruka la mawa lino. Mwana wa ku sekondale uja akuti iye sapita nawo, poti palibe Ford.